Khofi wa pa Mwala Wakuda

Lolemba, 3 Epulo

Alamu Tuumarsi, akulu awo a malemu amuna anga, abwera m'mawa. M'nyumba sanalowemo. Anangolunjika kuthandala la nsomba, manja kumbuyo ngati woyendera sukulu, n'kuyamba kuwerenga. Kuwerenga chiyani, tinsomba take makumi atatu tili lendelende. Atatha anatembenukira agalu okoka chileyi, khumi ndi mmodzi, nawonso kuwawerenga.

"Mlamu, tisanamizane. Ayezi wapanyanja akasungunuka mu Meyi, agaluwa akhala pa unyolo miyezi isanu ndi iwiri akungodya osagwira ntchito. Adzadya chiyani? Misozi yanu?"

Ndinati ndikuwedza. Akuti aliyense akuwedza. Akuti mwambo ndikuudziwa: msodzi akamwalira abale amatenga agalu awiri abwino, otsalawo mfuti, kusiyana n'kuti aziwonda mudzi wonse ukuona. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno. Thandala likapanda kudzaza atenga Milak, galu wotsogola, ndi mnzake Aput. Enawo basi.

Chondipweteka n'chakuti sakunama. Akanakhala akunama ndikanawalalatira bwinobwino mtima n'kukhala pansi.

Masana Nivikka waimba foni kuchokera ku Nuuk, kumzinda waukulu kum'mwera. "Amayi, chipinda chilipo, bwerani. Zaka 52 mukulimbana ndi chiyani?" Mwana wanga yemwe. Akudziwa kuti agalu okoka chileyi saloledwa kum'mwerako, ndiye akati bwerani ndiye kuti akugwirizana ndi alamu T.

Lachiwiri, 4 Epulo

Pamabowo a pa ayezi apafupi ndi mudzi, limodzi ndi anthu onse. Mbedza 200, nsomba 14, zina ngati chikhatho. Pamenepa patha, tikungolandana zotsalira.

Mwamuna wanga Eliarsi sankawedza pano. Ankapita kumapeto kwa mkono wa nyanja, pansi penipeni pa Sermeq, khoma la ayezi lomwe limatsetsereka kuchokera kumtunda n'kudzathera m'madzi. Kumeneko n'kozama ndipo nsomba zake ndi zitseko. Wina aliyense sayandikirako chifukwa khomalo likagumuka limaswa ayezi yense wapanyanja amene waimapo. Iye zaka zonsezi ankabwerako chileyi chikulira ndi katundu. Anthu ankati ndi wamwayi, ena ankati ali ndi chithumwa m'jekete. Ndachapa majekete ake zaka 29, ndinkapezamo machesi ndi mapepala a maswiti.

Munthu amene mudzi wonse unkati adzafera pansi pa Sermeq anafa mu Novembala ali khale pampando akuvula nsapato. Mtima. Mpaka lero ndimamukwiyira pang'ono.

Lachitatu, 5 Epulo

Kumwamba kunayera, mphepo zii, kuzizira kwabwino kouma. Ndinati tsiku loposa ili silibwera. Ndamanga agalu, osauza munthu, ulendo wa maola awiri ndi theka.

Agalu njira akuidziwa kuposa ine. Titafika pa Mwala Wakuda, pafupifupi ola limodzi usanafike pakhoma, anaima okha n'kugona pansi. Ndinaseka. Pamenepo ndi pomwe E. ankaimira kumwa khofi, ulendo uliwonse. Masiku amene ndinkamuperekeza ndinkachita kutopa naye: kutsika, kutokosatokosa ayezi ndi mpeni, kukwera pamwala, khofi, fodya, ola lathunthu. Nthawi zina n'kungoti m'mimba mwamupotokola, tibwerere. Ndinkamutcha mlesi wa pa Mwala Wakuda. Lero ndawakalipira agalu kuti ine sindine mbuye wanu, nyamukani.

Ndabowola ayezi motalikira khoma, mtunda ngati wochokera kutchalitchi kukafika kudoko. Chingwe chalowa chonse, mbedza 200. Ndachisiya kuti chigone monga timachitira kumudzi. Sermeq anali duu ngati chithunzi chapakalendala. Ndabwerera ndikuimba.

Lachinayi, 6 Epulo

Ndikulemba ndisanapume n'komwe, zilembo zikhale momwe zakhaliramu.

Ndinafika cha m'ma 11. Choyamba kundidabwitsa, bowo silinali pomwe ndinalisiya. Dzulo ndinalilunjikitsa ndi kansonga ka phiri, lero lasunthira kunja. Chingwe chili gwa, chakodwa pansi. Ndikulimbana nacho choncho agalu onse anadzuka nthawi imodzi, makutu njo. Kenako kulira ngati mfuti yaikulu. Ndinaona chidutswa chachikulu kuposa fakitale ya nsomba chikulekana ndi khoma pang'onopang'ono, ngati sichikufuna. Madzi a m'bowo anatsika n'kusowa, kenako anatumphuka mpaka kundinyowetsa kumaso.

Ndinadzigwetsera pachileyi. Ndinkakuwa kuti kumtunda, kumtunda. Milak anakana, anathamangira pakati pa nyanja. Ayezi ankakwera n'kutsika pansi pathu ngati bulangeti lomwe akulikung'untha. Nditacheuka, m'mphepete momwe ndinkafuna kuthawiramo munali mukuphwanyikaphwanyika pamiyala. Galu anali ndi nzeru kuposa mwini wake.

Tonse tili moyo, khumi ndi awiri kuphatikiza chitsiru chimene chikulembachi. Chingwe, mbedza ndi chokulungira zapita.

Lachisanu Loyera, 7 Epulo

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanavule nsapato. T. anadikira mpaka titatuluka m'tchalitchi, ulemu wake ndi umenewo.

"Mlamu, manda a mng'ono wanga maluwa ake sanafwifwe, mukufuna tikumbenso ena? Nthaka yake youma chonchiyi?"

Ndinati nyengo inali yabwino. Akuti ndiye chimene chikuopsa, kumeneko kulibe nyengo, kuli mwayi basi, ndipo mwayiwo tinaukwirira limodzi ndi mwini wake. Ndinachita manyazi kwambiri.

Kunyumba ndatulutsa chingwe chakale cha E. m'kanyumba ka zida, ndakhala ndikumangirira mbedza. Mutu uli pa bowo losuntha lija. Bowo silikhala ndi miyendo. Ndiye kuti Sermeq amakankha ayezi yense wapanyanja, ife tili pamwamba osamva. Ndipo E. pa Mwala Wakuda paja sankangotokosa. Ankadula mzera ndi mpeni, kuwoloka mng'alu wa m'mphepete, pomwe ayezi womata kumwala amalekana ndi ayezi woyandama. Akamaliza khofi ankapita kukauyang'ana mzerawo. Ndinaziona kambirimbiri ndi maso angawa. Safunsa anadya phula.

Loweruka, 8 Epulo

Tsiku lonse pa Mwala Wakuda. Fulasiki ziwiri, buledi, wotchi ya E. Agalu ndinawakwezera pamtunda. Ola lililonse ndimadula mzera watsopano kuwoloka mng'alu, n'kuyeza ndi phazi momwe theka lakunyanja lasunthira kusiyana ndi theka lakumwala.

M'mawa nyanja inali ikuphwa. Ayezi woyandama anatsika mpaka womata kumwala uja anandifika m'khosi. Kusuntha: ola loyamba phazi ndi theka, kenako awiri, kenako awiri ndi theka. Cha m'ma 1 madzi atafika pansi penipeni mng'alu unkachita kukukuta mano, ndipo kukhoma kunkamveka mabingu, katatu.

Madzulo nyanja inayamba kudzaza. Phazi limodzi. Kenako osakwana phazi. Kukhoma zii.

Ndinakhala pamwala paja ndikulira, mamina akuuma pamphuno. Sikunali m'mimba. Mwamuna uja ankandibweza kunyumba kuti ndisafe, ine ndikumutcha mlesi njira yonse. Ndipo bwanji osangondiuza? Ndikudziwa, msodzi sauza munthu malo ake, ngakhale wogona naye bulangeti limodzi, ndipo pakamwa panga amapadziwa. Komabe zandipweteka.

Lamulungu la Pasaka, 9 Epulo

Nyimbo zinakoma. Ine maso anali pawindo, kuyang'ana madzi padoko.

Lachiwiri, 11 Epulo

Dzulo ndi lero pamwala. Zomwezo, koma zikuchepa mphamvu pamene mwezi ukudyeka. Lero ayezi anangotsika kufika m'chiuno. Pophwa mapazi awiri osakwana, podzaza limodzi ndi kakang'ono. Bingu limodzi lokha, laling'ono. Nthawi yake ikuchedwerachedwera pafupifupi ola tsiku lililonse.

Mmene ndikuonera ine, Sermeq ali ngati woledzera amene watsamira mnzake. Nyanja ikadzaza imamugwira pachifuwa, amayenda mwaulemu. Ikaphwa, womutsamira uja wachoka, amapepesuka. Mwezi ukakhala wathunthu kapena wamdima nyanja imaphwa kwambiri. Ine ndinasankha tsiku la mwezi wathunthu, nthawi ya madzi ophwa, chifukwa choti kumwamba kunali koyera. Tonse kuno timayang'ana kumwamba. Tinaphunzitsidwa kuopa mphepo.

Ndamufotokozera Nivikka. Anayamba wandikalipira za Lachinayi, wamva kwa azakhali ake. Kenako ndinamva akudina foni. Akuti n'zoona, anthu ophunzira anaziyeza ndi makina pa makoma ena, liwiro limasintha ndi madzi. Ndati bambo ako anaziyeza ndi mpeni wa buledi. Anaseka mpaka kutsamwa, kenako nayenso analira. Sananenenso za chipinda.

Lachinayi, 13 Epulo

Mwezi watheka. Ndinapita kukaona ayezi wa pomwe panasweka. Zidutswa zagwirananso, chitsulo chobowolera ndinamenya katatu osatulukira. Ndabowola bowo latsopano cha kunja pang'ono, kulivindikira ndi chipale, osaponya kanthu. Nyambo ndadula. Ndikuopa, ndisabise.

Lachisanu, 14 Epulo

Ndinaima pamwala kaye. Agalu anandiyang'ana ngati akuti tinkakuuzani. Mzera, khofi, kuyeza. Nyanja yangoyamba kudzaza, kusuntha kochepa. Ndinalowa.

Chingwe m'madzi 8 koloko. Sindichigonekanso, chikagona ayezi amachikoka n'kuchikola pansi. Ndinadikira maola atatu nditatembenuzira chileyi kumudzi, agalu ali omanga. Kudikira pansi pa khoma limenelo si masewera, khosi linauma ndi kucheuka. 11 koloko ndinayamba kukoka. Mbedza yachitatu, nsomba. Yachinayi, nsomba. Yachisanu ndi chimodzi inakana kudutsa pabowo, ndinachita kulikuza. Ndinkayankhula nazo ngati wamisala, bwerani anyamata, bwerani.

1 koloko madzi anali atadzaza, m'madzi mutatsala mbedza ngati 40. Mtima unkati malizitsa. Ndinakoka mwachangu osamasula nsomba, kungounjika chingwe ndi nsomba zomwe pachileyi ngati zovala zakuda, n'kuthawa. Kumasula ndakachitira pamwala.

Nsomba 61. Ndalowa m'mudzi ndikuyenda pansi chifukwa pachileyi panalibe pokhala. Ndinadutsira dala kusitolo ngakhale si njira.

Loweruka, 15 Epulo

58, ndi shaki mmodzi amene anadzikulunga m'chingwe. Nyama ya shaki ikauma agalu amaikonda. Msana ukuwawa, zala zang'ambika, ndikusangalala.

Lolemba, 17 Epulo

Dzulo kung'amba ndi kuyanika tsiku lonse tikaweruka kutchalitchi. Lero 47. Mng'alu wayambanso kukukuta pophwa.

T. anadutsa pathandala, manja kumbuyo. Akuti mwayi wa mng'ono wawo unatsalira m'jekete. Ndinati eya, limodzi ndi mapepala a maswiti.

Lachiwiri, 18 Epulo

Ndinafika pamwala, ndinayeza, ndinamwa khofi, ndinabwerera. Wina atandifunsa padoko ndinapezeka ndanena kuti m'mimba. Eliarsi, seka kumene uliko.

Thandala lapitirira theka pang'ono. Mwezi ukulowa mumdima, madzi aakulu akubwera. Masiku abwino abwereranso cha pa 28. Atsala atatu okha mwezi usanathe. Mwina akwana, mwina ayi.

Lachinayi, 20 Epulo

Kusitolo, ndili kuseri kwa mashelefu, ndinamva amuna akupangana. Zileyi zisanu, mawa m'mawa, pansi pa Sermeq, T. patsogolo. Wina akuti ngati mayi wamasiye akukatenga makumi asanu ndi limodzi, ife tikatenga zingati. Wina akuti nyengo ili bwino mpaka Lamulungu.

Mawa madzi aphwa kwambiri cha m'ma 1. Ndinaima ndi paketi ya shuga m'manja. Ndikanena, sabata yamawa pamalo panga padzakhala mabowo asanu ndi limodzi, masiku atatu anga aja ndigawana ndi mudzi wonse. Ndinamvetsa chifukwa chake E. ankakonda kudwala m'mimba. Koma iye palibe amene ankamutsatira. Awa akutsatira ine.

Ndinapita kwa T. Ndinawapeza akukonza zingwe za agalu. Ndinafotokoza zonse, mzera, mwezi, mapazi.

"Mlamu, phiri lonse lija lizimvera timadzi ta padoko? Mwayamba kuwerenga mabuku a Nivikka?"

"Alamu, ndipatseni tsiku limodzi lokha. Auzeni anzanuwo adikire. Inu mukakhale nane pa Mwala Wakuda, mukayeze nokha ndi mapazi anu akuluakuluwo."

"Pakapanda kuchitika kanthu?"

"Mudzatenge Milak mawa lomwelo."

Pakamwa panga. Khoma silinapangane ndi munthu kuti ligumuka tsiku lakuti. Likhoza kungokhala duu mawa, ine n'kutsala wopanda galu wotsogola ndi thandala latheka.

Lachisanu, 21 Epulo

Tinafika 8 koloko, nyanja itangoyamba kuphwa. Ndinawapatsa mpeni kuti adule okha. Anadula mzera waukulu ngati akugawa dziko. Tinakwera pamwala. Khofi anabweretsa wawo, akuti wanga ndi wa azimayi a kwaya.

Ola loyamba anayeza, akuti ayezi amasuntha nthawi zonse, n'chiyani chachilendo. Ola lachiwiri anayezanso. Ola lachinayi anayeza kawiri, kachiwiri atagwada. Mng'alu unali ukulira ngati chitseko chakale. Khoma lokha duu. 12 koloko, duu. Ndinayamba kuyang'ana Milak, iye akunyambita phazi, alibe nazo ntchito. T. anayang'ana wotchi, n'kundiyang'ana, koma sanaseke.

Itatsala pang'ono kukwana 1 agalu onse, anga ndi awo, anadzuka. Tinaona utsi woyera kukhoma phokoso lisanafike. Sichinali chachikulu ngati cha tsiku lija, koma T. anali ndi magalasi oonera kutali. Anaona funde likuyenda pansi pa ayezi, pomwe panali bowo langa n'kusanduka zidutswa zotembenuzika. Patapita kanthawi linafika pamwala pathu litatopa, madzi n'kutuluka mumng'alu kufafaniza mizera yawo yonse.

Anakhala nthawi yaitali magalasi ali m'maso, palibenso choona.

"Pamenepo mpomwe tikanaimika zileyi."

Ndinati inde.

"Eliarsi ankazidziwa izi?"

"Zaka zonsezi."

"Osandiuza ine? Ine ndinamuphunzitsa kumanga mbedza ameneyo." Anamina. Kenako akuti, "Nthawi ina ndinamutsatira, anandiuza kuti watsegula m'mimba. Ndinamupatsa mankhwala anga."

Tinaseka awiri pamwala paja ngati ana, misozi ili mbwee. Tinadikira mpaka madzi atayamba kudzaza chifukwa anafuna kuona okha ngati kusuntha kuchepedi. Kunachepa. Pobwerera sanatchule za agalu, inenso sindinafunse.

Loweruka, 22 Epulo

Amuna anayi akhala akubwera mmodzimmodzi, aliyense akuti wangodutsa. Funso limodzimodzi. Ndawauza pa 28, ndipo wofika pamwala ayambe waima. Mkazi wa mmodzi wasiya keke pakhomo osagogoda.

Thandala likadali latheka. Ndaliyang'ana kangapo ngati likula lokha.

Lolemba, 24 Epulo

Ndili mkati mopatsa agalu chakudya, onse anayamba kuuwa n'kudumpha pa unyolo. Kucheuka, T. akukwera kamtunda. Ndinati n'chiyaninso, mwezi sunathe. Koma ankakoka galu wawo wamkazi, woyera uja amene salola munthu kumukhudza.

Anaima patali pang'ono, akuyang'ana kumbali.

"Ali pa nthawi yake. Ndimafuna Milak."

Ndinati kumutenga?

"Kumubwereka, mlamu, masiku awiri. Galu wokana kuthawira kumtunda ndikufuna mbewu yake." Anakanda m'chipewa. "Mwambo mukuudziwa, mwini wa wamphongo amasankha kamwana kamodzi. Tibadwa mu Juni. Ndiye mukhala ndi khumi ndi awiri, muziwerengera bwino nsomba zanuzo."

Ndinafunsa kuti nanga thandala likapanda kudzaza pofika pa 30. Akuti zileyi zisanu zikupita pa 28, aliyense wavomera kutsitsa nsomba khumi pakhomo pano tsiku lililonse, ndipo ndisayambe zokana chifukwa iwo si amene anayambitsa, ndi akazi awo.

Ndinamasula Milak. Zala zinkakanika kutsegula ngowe ya unyolo. T. ananamizira kuti sakuona.